Kuika ndi kusamalira makina osefa madzi a reverse osmosis pansi pa sinki

Madandaulo a anthu amene anagula makina a reverse osmosis amakhala omwewomwewo. Wina akuti kampopi kakungodontha, kuti kapu imodzi idzaze mpaka miyendo kuchita dzanzi. Wina wadzuka m'mawa n'kupeza chithaphwi m'kabati ya pansi pa sinki. Wina patatha chaka akumva madzi ayambanso kumveka m'kamwa ngati akale osasefedwa aja. Ukafufuza bwinobwino, kawirikawiri makinawo alibe mlandu. Chimene chalakwika chimakhala kapaipi kodulidwa mopendekera, thanki yopanda mpweya, kapena sefa ya makala imene inaiwalika mpaka kolorini anafika pa membrane, kachikopa kosefera ka mkati mwa makinawo, n'kuiwononga.

Chachitatuchi ndiye chimandidetsa nkhawa. Membrane ikafa sipamveka phokoso lililonse. Madzi amatulukabe oyera mbee, banja n'kumamwa mtima uli m'malo, chonsecho zinthu zimene munagulira makinawo zikungodutsa. Maso sangakuuzeni zimenezi. Chingakuuzeni ndi kachipangizo koyezera ndi kope limene mwakhala mukulembamo manambala.

Kuti masitepe ali m'munsimu amveke, gwirani mfundo imodzi yokha. Membrane ndi kachikopa kopyapyala kokulungidwa ngati mkeka. Pulesha ya m'paipi imakankha madzi kuti adutse pa kachikopako, pamene mchere ndi zina zosungunuka zimatsalira n'kukokoloka ndi madzi ena amene amapita kotaya. Kusefa kotereku ndiko kumatchedwa reverse osmosis. Masefa onse amene ali kutsogolo kwa membrane ntchito yawo ndi kuilondera basi.

## Zofunika kukhala nazo

- Makinawo ndi zonse za m'bokosi: mabotolo a masefa, sefa ya matope, sefa ya makala imodzi kapena ziwiri, membrane ndi chimake, sefa yomaliza, thanki, kampopi, timapaipi ta kotala inchi, cholumikizira ku paipi ya madzi ozizira, ndi chomangira cha pa paipi yotaya madzi. Yalani zonse pansi muziwerenge mofananiza ndi buku lake. Ngati mukadali kusankha ogula, yang'anani amene anayesedwa motsatira muyezo wa NSF/ANSI 58, umene ndi wa makina a mtundu umenewu.
- Mita ya TDS, kachipangizo konga cholembera koyezera kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi. Musayambe ntchito mulibe kameneka.
- Geji ya pulesha ya madzi, yomanga pa mpopi.
- Geji ya mpweya yotha kuwerenga manambala ochepera 10 psi (psi ndi muyezo wa pulesha), ndi pampu ya njinga.
- Sipanala yosinthika kukula ndi sikuludilaiva.
- Makina oboolera, ndi mabiti a mamilimita 6 ndi 12.
- Mpeni wakuthwa kwambiri kapena chodulira timapaipi.
- Tepi yoyera imene mapulambala amakulunga pa mazinga.
- Girizi wa silicone wovomerezeka pa ziwiya za chakudya.
- Ndowa, nsanza, tishu youma, tochi, cholembera chosafufutika ndi kope.

## Musanagwire sipanala

1. Dziwani chimene chili m'madzi anu.

Tungani madzi a pa mpopi mu kapu yoyera, viikani mita ya TDS, lembani nambala ndi tsiku. Nambala imeneyi ndiyo muzidzafananiza nayo zaka zonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi osapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa.

Koma mita ya TDS ili ndi malire ake. Siona tizilombo toyambitsa matenda, ndipo siingaone poizoni amene amavulaza ali wochepa kwambiri. Malire a WHO a arsenic ndi a mtovu ndi mamaikulogalamu 10 pa lita, mlingo umene mita imeneyi siingauzindikire n'komwe. Malire a fluoride ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, a nitrate ndi 50. Ngati madzi anu ndi a pa chitsime kapena mjigo wanuwanu, atengereni ku labotale akayezedwe musanagule kanthu.

Chenjezo lalikulu lili apa. Makina a panyumba a reverse osmosis sanapangidwe kuti azilandira madzi a tizilombo osathiridwa mankhwala, ndipo opanga ake amalemba zimenezi m'mabuku awo. Mabowo a membrane ndi aang'ono kuposa bakiteriya, inde, koma kalabala kamodzi kakang'ambika mkatimo tizilombo timalambalala n'kukaswana m'thanki. Madzi okayikitsa ayambe athiridwa kolorini, kapena muike nyali ya UV, imene kuwala kwake kumapha tizilombo, kapena muziwiritsabe akumwa.

Onaninso zinthu ziwiri. Ngati madzi amasiya dzimbiri lofiira pa sinki, muli ayironi, ndipo ayironi amatseka membrane msanga. Ngati ketulo imachita zoyera zouma ngati laimu ndipo sopo savuta kutha koma thovu osaoneka, madziwo ali ndi kashiamu ndi magineziyamu wambiri, amene amauma pa membrane ngati mmene amachitira m'ketulomo. Zonsezi zimafuna sefa yapadera kutsogolo, apo ayi muzisintha membrane pafupipafupi.

2. Yezani pulesha.

Mangani geji pa mpopi wa madzi ozizira, tsegulani mpaka kumapeto, werengani. Chitani zimenezi kawiri, nthawi imene anthu ambiri akutunga ndi nthawi ya usiku. Makina ambiri amafuna pakati pa 40 ndi 80 psi, kapena kuti mabaa 2.8 mpaka 5.5 pa muyezo wina wa pulesha, ndipo amasangalala pa 60 psi. Ikachepera 40, gulani makina okhala ndi pampu yowonjezera mphamvu. Madzi ochokera m'thanki ya padenga nthawi zambiri safika pamenepo, chifukwa mamita 10 a kutalika amangopereka pafupifupi baa imodzi. Ikapitirira 80, ikani valavu yochepetsa pulesha, chifukwa mabotolo a pulasitiki aja amatha kung'aluka.

Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, kenako n'kumanena kuti anagulitsidwa makina achabechabe. Pulesha ikachepa madzi abwino amachepa, otayika amachuluka, ndipo mchere wodutsa umachulukanso.

## Kuika makinawo

3. Konzani malo.

Tulutsani zonse m'kabati. Makinawo muwapachike pa khoma la kabati pamalo oti dzanja lizifika, ndipo pansi pa mabotolo pasiyidwe mpata wa masentimita 10 kuti muzitha kuwamasula. Thanki ikhoza kuima kapena kugona. Osaika pafupi ndi paipi ya madzi otentha kapena pamene pamawomba dzuwa.

4. Lumikizani ku paipi ya madzi ozizira.

Kuti mutsimikize kuti ozizira ndi ati, tsegulani mpopi wa otentha kwa kanthawi n'kugwira mapaipi onse awiri. Tsekani valavu ya paipi yozizirayo, tsegulani mpopi wa pa sinki kuti pulesha ithe, ikani ndowa pansi, masulani paipi yofewa imene imakwera ku mpopi. Cholumikizira chija chilowe pakati, washala wake ali m'malo. Mangani ndi dzanja, kenako sipanala pang'ono chabe. Kavalavu kake kakhale kotseka.

Madzi otentha amawononga membrane, ndipo ikawonongeka motero siibwereranso. Komanso ngati m'bokosi anakuikirani kavalavu kobaya paipi ndi singano, ine ndingati kasiyeni mugule cholumikizira chenicheni. Kabowo ka singano kamatsekeka ndi dzimbiri ndipo kamakonda kuchucha pakapita nthawi.

5. Ikani kampopi.

Ngati sinki ili kale ndi bowo lotsekedwa, gwiritsani ntchito lomwelo. Ngati palibe ndipo sinki ndi yachitsulo, yang'anani kaye kunsi kuti pali mpata wa dzanja ndi nati, matani tepi pamalopo, khomani kachizindikiro ndi msomali kuti biti isaterereke, yambani ndi biti yaing'ono, malizani ndi ya 12. Boolani pang'onopang'ono, mukudonthezera mafuta. Ngati pamwamba pake ndi pa mwala kapena sinki ndi yadothi, itanani mmisiri wokhala ndi biti yake. Mwala ukang'aluka palibe chomatira.

Timipopi tina tili ndi mpata wa mpweya woletsa madzi oipa kubwerera m'makina. Timeneti timafuna bowo lalikulupo ndipo timalandira timapaipi titatu. Malamulo a za mapaipi a m'madera ena amafuna mtundu umenewu, choncho funsani pulambala wodziwa malamulo a kumene mukukhala.

6. Mangani chomangira cha madzi otayika.

Pansi pa sinki paipi yotaya madzi imapindika ngati chilembo cha U. M'chigongono chimenecho mumakhala madzi otsekereza fungo la kusuweji. Chomangira chikhale pamwamba pa chigongonocho, kumbali ya sinki. Mukachiika kuseri kwake, mwatsegulira khomo mpweya woipa ndi tizilombo kuti zilunjike ku makina a madzi akumwa.

Boolani bowo la mamilimita 6 mbali imodzi yokha ya paipi, osapyoza. Ngati paipiyo ndi yogona, bowo likhale pamwamba pake. Matani kasiponji kake mozungulira bowo. Pomanga, lowetsani biti yomweyo kudzera m'chomangira mpaka m'bowo kuti ziwirizi ziyang'anizane, mangani masikuluwu mosinthanasinthana, kenako zulani bitiyo. Mabowo akasemphana madzi otayika amasowa kolowera, ndipo membrane imafa m'miyezi yochepa.

7. Konzani thanki.

M'kati mwa thanki muli chikhodzodzo cha labala, ndipo kuseri kwake kuli mpweya umene umakankha madzi mukatsegula kampopi. Pambali kapena pansi pali kavalavu konga ka tayala. Thanki ili yopanda madzi, yezani mpweya. Pamafunika 5 mpaka 7 psi, pokhapokha buku litanena zina. Ngati wachepa, popani kawiri kapena katatu ndi pampu ya njinga n'kuyezanso. Geji wamba ya matayala a galimoto nthawi zambiri siiwerenga manambala otsika chonchi, ndiye imatha kukunamizani kuti mulibe mpweya, inu n'kupopa mopitirira. Mpweya ukachuluka thanki imalandira madzi ochepa.

Kulungani tepi yoyera kangapo pa mazinga a pamwamba, motsatira kumene valavu izizungulira, n'kumanga valavuyo ndi dzanja lokha. Ndi ya pulasitiki, sipanala imaiswa.

Musadabwe kuti thanki yolembedwa malita 12 ikukupatsani malita 7 kapena 8. Malo enawo ndi a mpweya.

8. Lowetsani masefa ndi membrane.

Sambani m'manja. Chotsani pulasitiki yokutira sefa iliyonse. Zikuoneka ngati zosafunika kunena, koma anthu amaiwala, makamaka chifukwa masefa ena amabwera ali kale m'mabotolo ndi pulasitiki yake. Ya matope ikhale yoyamba kumbali yolowera madzi, za makala zitsatire. Pakani girizi wa silicone pang'ono pa labala yozungulira ya botolo lililonse, onetsetsani kuti yagona bwino mu ngalande yake, mangani ndi dzanja, kenako kokani pang'ono ndi sipanala ya pulasitiki ya m'bokosi.

Membrane musaiike kaye. Lumikizani kapaipi kochokera ku paipi yozizira kupita ku sefa yoyamba monga mmene sitepe 9 ikufotokozera. Zulani kapaipi kolowa m'chimake cha membrane, kalozetseni mu ndowa, tsegulani madzi kwa mphindi zisanu. Mudzaona madzi akuda bii ngati otsukira mbaula, kenako otuwa, kenako oyera. Limenelo ndi fumbi la makala atsopano, ndipo ndi bwino lithere mu ndowa kusiyana ndi kukamata pa membrane.

Tsekani madzi. Tsegulani chimake, ng'ambani thumba la membrane, igwireni kudzera m'thumbamo. Mbali yokhala ndi timalabala tiwiri tating'ono ndiyo imatsogola. Kankhani mukupotoza pang'ono mpaka mumve kuti yakhazikika. Ikalowa theka, madzi osasefedwa amasakanikirana ndi osefedwa ndipo mita imaonetsa nambala yokwera kuyambira tsiku loyamba.

9. Lumikizani timapaipi.

Apa ndi pamene makabati ambiri amawolera. Ine makina anga oyamba ndinadula timapaipi ndi sizasi. Sizasi imafinya kapaipi n'kukasiya kophwatalala ngati mlomo wa bakha. Madzulo amenewo zonse zinaoneka bwino. M'mawa ndinapeza thabwa la pansi pa kabati litafufuma, madzi akutsetsereka dontho limodzilimodzi pa kapaipi kopita ku thanki.

Dulani ndi mpeni wakuthwa pa thabwa, molunjika, kukamwa kwa kapaipi kukhale kozungulira kopanda nyenyeswa. Yezani sentimita imodzi ndi theka kuchokera kumapeto, lembani mzere. Kankhani kapaipi m'cholumikizira. Poyamba mudzamva kakugwira, koma kumeneko ndi mano chabe, sikanafike. Kankhaninso mwamphamvu kadutse labala ya mkati mpaka mzere uja uyandikire pakamwa. Kokani pang'ono kuti mano alume, kenako lowetsani kakilipi kake. Pofuna kuzula, chotsani kakilipi, dinikizani kamkombero ka pakamwa, kenako kokani.

Njira ndi zinayi: kuchokera ku paipi yozizira kupita ku sefa yoyamba, kuchokera ku makina kupita ku thanki, kuchokera ku sefa yomaliza kupita ku kampopi, ndi kuchokera ku chimake cha membrane kupita kotaya. Mitundu ya timapaipi imasiyana malinga ndi opanga, ndiye tsatirani chithunzi cha m'buku lanu. Siyani kapaipi kalikonse kotalikirapo kuti muzitha kutulutsa makina posintha masefa, koma kasapindike mpaka kuthyoka.

Pa njira ya madzi otayika pali kachipangizo kotchedwa flow restrictor. Kamapanikiza madziwo kuti pulesha izikhala pa membrane. Kamayenderana ndi kukula kwa membrane, choncho mukadzagula membrane ya saizi ina, musinthe nakonso.

## Kutsegula koyamba

10. Lowetsani madzi, fufuzani podontha.

Valavu ya thanki ikhale yotseka, kampopi kotsegula. Tsegulani madzi olowa pang'onopang'ono. Mudzamva mpweya ukutuluka, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 kampopi kayamba kudontha. Musakhumudwe ndi kuchepa kwake, liwiro la membrane ndi lomwelo. Yolembedwa magaloni 50 pa tsiku imapanga malita pafupifupi 190 pa maola 24, ndipo ya 75 imapanga pafupifupi 280. Manambalawa amayezedwa pa madzi ofunda madigiri 25 ndi pulesha yabwino. Madzi akazizira ndi digiri imodzi, liwiro limatsika ndi pafupifupi 3 peresenti, n'chifukwa chake nyengo yozizira thanki imachedwa kudzaza.

Tsekani kampopi kuti pulesha ikwere. Tengani tishu youma, gusani cholumikizira chilichonse, yang'anani tishuyo ndi tochi. Chala chimanama chifukwa kapaipi kozizira kamamveka ngati konyowa, koma tishu sinama. Yalani pepala louma pansi pa makina, mulionenso pakatha ola limodzi, pogona, ndi m'mawa.

Muli pomwepo, mvetserani ku paipi yotaya. Thanki ndi kampopi zili zotseka, madzi otayika ayenera kusiya kuyenda pakatha mphindi zochepa, chifukwa valavu yodzitsekera yokha imadula madzi olowa pulesha ya madzi osefedwa ikafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a pulesha ya m'paipi. Akamangoyendabe osaleka, vuto lili pa valavu imeneyi kapena pa kavalavu koletsa madzi kubwerera kamene kali potulukira pa chimake.

11. Tayani madzi oyamba.

Tsegulani valavu ya thanki, isiyeni idzaze. Zimatenga maola awiri mpaka anayi. Tsegulani kampopi mpaka thanki ithe, n'kubwereza kachiwiri. Madzi amenewa musamwe ndipo musaphikire, chifukwa membrane zambiri zimabwera ndi mankhwala ozisungira ndipo sefa yomaliza imatulutsa fumbi lake. Ngati buku lanu likunena nthawi yaitali kuposa pamenepa, mverani bukulo.

Madzi akaoneka ngati a mkaka masiku oyamba, aikeni pa tebulo mu galasi. Akayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, umenewo ndi mpweya chabe.

12. Yezani ndi kulemba.

Tsekani valavu ya thanki, tsegulani kampopi, siyani madzi adonthe kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako tungani n'kuyeza. Madzi oyamba makina akakhala osagwira ntchito kwa maola angapo amakhala ndi mchere wochulukirapo, ndiye musaweruze ndi amenewo. Ngati makina anu ali ndi sefa yobwezeretsa mchere wofunika m'thupi, tungani madzi asanafike pa sefa imeneyo.

Masamu ake ndi awa. Chotsani nambala ya madzi osefedwa pa nambala ya madzi a pa mpopi, gawani ndi nambala ya pa mpopi, chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze pa mpopi pali 400 ndipo osefedwa ali 20. Kusiyana kwake ndi 380, kugawa ndi 400 kumapereka 95 peresenti. Membrane yatsopano iyenera kupitirira 90. Tsiku lina mukadzapeza 400 ndi 100, ndiye kuti yatsikira pa 75, ndipo yatha ntchito. Ine ikangotsika pansi pa 85 ndimayamba kufunafuna ina.

Lembani manambala onse atatu ndi tsiku, mumate pepalalo kuseri kwa chitseko cha kabati. Muzibwereza mwezi uliwonse, ndipo nthawi iliyonse muziyezanso madzi a pa mpopi, popeza nawonso amasintha ndi nyengo.

## Kusamalira

13. Sinthani masefa pa nthawi yake.

Ya matope ndi za makala zisinthidwe pakatha miyezi 6 mpaka 12, msanga ngati madzi anu amabwera ndi matope. Yomaliza isinthidwe kamodzi pa chaka. Membrane yosamalidwa bwino imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, koma woweruza ndi mita ija.

Sefa ya matope imadziulula yokha chifukwa imafiira. Ya makala ndiyo yonyenga, imaoneka chimodzimodzi ingakhale itatopa. Ikatopa, kolorini amadutsa, ndipo membrane za masiku ano, zopangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyamide, sizipirira kolorini ngakhale pang'ono. Choncho lembani tsiku pa botolo lenilenilo, ndipo tsikulo likakwana sinthani osayang'ana nkhope ya sefa.

Posintha, tsekani madzi olowa ndi valavu ya thanki, tsegulani kampopi kuti pulesha ithe. Popanda kutero botolo silimasuka ngakhale mutalimbana nalo bwanji. Tsukani mabotolo ndi sopo wochepa, tsukuluzani bwino, yang'anani labala ngati yaphwatalala kapena kung'ambika, ndipo tsukani makala atsopano mu ndowa monga pa sitepe 8.

14. Iphani tizilombo kamodzi pa chaka.

Madzi a m'thanki alibenso kolorini wowateteza. Tsiku losintha masefa, tulutsani masefa onse pamodzi ndi membrane. Membrane muiike m'thumba loyera la pulasitiki ndi madzi osefedwa pang'ono, chifukwa ikanyowa kamodzi siyenera kuumanso. Thirani bulichi wosanunkhiritsidwa m'botolo loyamba pa mlingo umene buku lanena, bwezerani mabotolo opanda kanthu, dzazani makina ndi thanki, dikirani theka la ola, tayani, kenako dzazani ndi kutaya mpaka fungo litheretu. Mukatero bwezerani membrane ndi masefa atsopano. Yezaninso mpweya wa thanki idakali yopanda madzi.

## Zolakwika zimene zimachitikachitika

Kugula membrane yatsopano chifukwa kampopi kafooka. Nyamulani thanki kaye. Ngati ikulemera koma madzi akungotuluka kapu imodzi n'kufooka, mpweya watha. Tsekani madzi olowa, siyani kampopi kotsegula, popani mpaka madzi onse atuluke, kenako konzani mpweya pa 5 mpaka 7 psi. Mukadinikiza kavalavu ka mpweya n'kutuluka madzi, chikhodzodzo chaphulika ndipo pakufunika thanki ina. Ngati thanki ndi yopepuka, vuto lili kutsogolo: masefa atsekeka, pulesha yachepa, kapena kapaipi kapindika.

Kutseka kapena kufinya kapaipi ka madzi otayika. Zimawawa mtima kuona malita atatu kapena anayi akutayika pa lita imodzi yakumwa, ndipo ndikumvetsa. Koma madzi amenewo ndi amene amatsuka membrane. Njira yabwino ndi kuwalozetsa mu ndowa n'kukolopera kapena kuthira m'chimbudzi, kukweza pulesha ndi pampu, kapena kuika kapampu kotchedwa permeate pump kamene kamachepetsa otayika. Osamwa, ndipo samalani pothirira mbewu chifukwa mchere wake ndi wochuluka kuposa wa pa mpopi.

Kumangitsitsa. Botolo likamadontha, vuto limakhala labala yosakhala bwino. Kuwonjezera mphamvu kumangoswa pulasitiki.

Kupaka mafuta odzola pa malabala. Mafuta ochokera ku petulo amafufumitsa malabala ena. Girizi wa silicone yekha.

Kuyendetsa madzi osefedwa m'mapaipi a kopa. Madzi opanda mchere amadya zitsulo zina pang'onopang'ono. Ngati mukuwapititsa ku firiji, gwiritsani ntchito kapaipi ka pulasitiki kovomerezeka pa madzi akumwa.

Kuyembekeza kuti membrane ichotsa chilichonse. Mpweya wosungunuka, monga uja wonunkha ngati dzira lowola, umadutsa. Nitrate imachotsedwa mocheperapo poyerekeza ndi mchere wamba. Arsenic ali mitundu iwiri, ndipo mtundu umene umapezeka kawirikawiri m'madzi a pansi pa nthaka osathiridwa kolorini ndi umene umadutsa mosavuta. Ngati munagula makina chifukwa cha chimodzi mwa zimenezi, tengerani madzi osefedwawo ku labotale mukangomaliza kuika, ndiponso kamodzi pa chaka.

Kudabwa kuti madzi ndi ozizira m'kamwa, opanda kakomedwe. Membrane imachotsanso kashiamu ndi magineziyamu amene amakometsa madzi. Gawo lalikulu la michere imeneyi thupi limaipeza m'chakudya, koma ngati kakomedweko sikakukusangalatsani, ikani sefa yobwezeretsa michere kumapeto. Fluoride nayenso amachoka, choncho ngati muli ndi ana, mankhwala awo otsukira mano akhale okhala ndi fluoride.

Kutungira madzi abwino m'chiwiya chakuda. Alibe kolorini, ndiye tizilombo ta m'botolo losatsuka kapena ta pa nsanza yopukutira kampopi timaswana mosavuta. Chiwiya chikhale chotsuka ndi chovundikira.

Kumwa madzi a m'thanki pobwera ku ulendo. Mukamachoka kwa sabata kapena kuposerapo, tsekani valavu ya madzi olowa, kuti kapaipi kakazuka musadzapeze nyumba itasefukira. Pobwera tsegulani kampopi thanki ithe yonse, tsegulani madzi olowa, idzaze, muitayenso kamodzi, kenako viikani mita ya TDS musanatunge akumwa.